Sadaka ya munthu amene anathawa thangata

Chaka chimene ndinamaliza digiri yanga yachiwiri ndinabwerera kwathu ku Nguludi ndilibe ntchito. Mayi anga anali atapuma pantchito yochapa zofunda za odwala, ndipo ankagulitsa zigumu ndi mbatata yophika pafupi ndi geti la chipatala. Ine ndinkawathandiza, kwinaku ndikufunsira ntchito pafoni. Tsiku lina mphunzitsi wanga wakale wa ku yunivesite anandiimbira. Anati kuli kafukufuku wa anthu ongoyamba kumene ntchito yofufuza, ochokera m'maiko angapo a mu Africa muno, ndipo aziyenda awiriawiri. Nkhani yake inali ya malo: amene analandidwa minda kalelo, amene anapindula, ndi zimene anthu eni ake akuona kuti zingakonze zolakwikazo. Ankafuna munthu wa ku Chiradzulu. Ndinavomera asanamalize n'kufotokoza komwe.

Mnzanga amene anandipatsa anali mwamuna wamsinkhu wanga wochokera ku Zimbabwe, wophunzira mbiri yakale. Ndinakamuchingamira ku Limbe. Anali wamtali, wosayankhulayankhula, chikwama chimodzi kumsana. Mu minibasi anandidabwitsa, chifukwa kondakitala atamufunsa kotsikira anayankha m'Chinyanja. Chinali chothyokathyoka, chosakanikirana ndi Chishona, koma mawu ena anali akalekale, amene ine ndinawamva komaliza kwa agogo anga. Anangoti pafamu pamene anabadwira, komboni yonse inkayankhula choncho. Sindinafunse zambiri.

Ndinamupezera chipinda kwa mphunzitsi wina wa pulayimale pafupi ndi kwathu. Inali nyengo yozizira, nandolo akuuma m'minda, chiperoni chikumatinyowetsa tili pa kabaza. Tinayamba ndi midzi ya ku Likoswe, kenako tinalowera ku Magomero. Akuluakulu a kafukufukuyo anatipatsa mawu aatali a Chingerezi onena za chilungamo chimene chimafunika ulamuliro wankhanza ukatha. Ndinayesa kuwamasulira, anthu ankangondiyang'ana. Potsiriza ndinkangofunsa kuti, zoipa zija zinapita, maboma asintha kangapo, nanga chimene chinatsala osakonzedwa n'chiyani? Ena ankaseka. Ena ankatitengera kumunda n'kutionetsa kuti munthu ataima kumalire akuno angathe kucheza ndi wa kumalire enawo osakweza mawu. Ambiri ankaganiza kuti tabwera kudzalemba maina a olandira malo, ndipo tikakana ankaona ngati tikubisa.

Masana ena tikudya chinangwa chokazinga pamsika wa ku Magomero, mnzangayo anandiuza chimene ankasunga. Agogo ake aamuna anabadwira m'dera lomwelo. Anachoka ali mnyamata, kuthawa thangata, ntchito ija anthu okhala pa esiteti ankagwirira mzungu mokakamizidwa kuti asathamangitsidwe pamalo. Anayenda wapansi mpaka ku Halale, monga ankanenera akale, n'kulowa ntchito pafamu ya fodya. Anakwatira komweko, anakalambira komweko. Pamene mafamu ankalandidwa kwa azungu n'kugawidwa, banja lawo silinawerengedwe. Anauzidwa kuti ndi alendo, ndipo anasamukira m'kachisakasa kumapeto kwa tauni.

"Kumeneko amatiuza kuti kwanu ndi ku Malawi," anatero. "Ndikungofuna ndione kwathuko."

Ankadziwa dzina la mudzi, dzina la mlongo wawo wa agogo akewo, komanso kuti anali Asilamu, ngakhale ana awo anakulira m'tchalitchi. Tinauza otiyang'anira, iwo anati tingathe kufufuza pa nthawi yathu yopuma. Tinapita kwa ashehe a mzikiti wina wapafupi. Atamva dzina la mlongo uja anati anamwalira kalekale, koma mwana wawo wamkazi alipo, ndi mayi wokalamba amene kale ankagulitsa usipa pamsika. Anatilozera njira.

Tinawapeza ali pakhonde akusola nandolo m'lichero, mpango woyera kumutu. Tinapereka moni, ndinafotokoza. Mnzanga atatchula dzina la agogo ake, manja a mayiwo anaima. Analibwereza dzinalo m'katchulidwe ka Chiyao, pang'onopang'ono, n'kunena kuti amenewo anali amalume awo. Ndinayembekeza kuti atiyalira mkeka. Sanatero. Anatuma mdzukulu wawo wamkazi kukaitana mwana wawo wamwamuna, amene ankagula nandolo pasikelo kumsewu.

Bamboyo anafika panjinga, wamkulu kutiposa tonse awiri, ndipo sanakhale pansi. Anali atamva kale kuti kukuyenda anthu awiri ofunsa za malo. Anatiuza kuti timutsate. Kuseri kwa nyumba kunali munda wamiyala wopendekera kukhwawa, wodulidwadulidwa ndi mizere ya nandolo. Anatiuza kuti chigawo ichi n'cha mlongo wake wamkulu, icho n'cha wamng'ono, kachidutswa ako n'ka mwana wa mlongo wake amene wangokwatiwa kumene. Iye mwini ankalima kwa mkazi wake, ndipo kumenekonso kunali kothina.

"Mwauona. Tsono inu mudula pati?"

Mnzanga sanamve bwino, ndiye ndinamumasulira. Nkhope yake inagwa. Anayesetsa kufotokoza m'Chinyanja chake chija kuti sanabwerere munda, kuti alibe n'khasu lomwe, kuti abwerera kwawo kafukufuku akatha. Bamboyo anayankha kuti onse amayamba choncho. Anati pamwambo wa kuno mdzukulu wa mwamuna alibe gawo pamunda wa mbumba, koma masiku ano munthu wa sukulu akabwera ndi mapepala mwambo umagonja. Tinatsanzika, mayi aja anangogwedeza mutu osadzutsa maso.

Masiku otsatira mnzanga ankagwira ntchito ngati kale, kufunsa mafunso, kujambula mawu, koma chakudya ankangochitola. Ine sindinathe kumukwiyira bambo uja. Kwathu komwe azakhali anga awiri sayankhulana chifukwa cha mizere ingapo ya chimanga. Ndinamuuza mnzangayo zimenezi, iye anati akumvetsa, ndipo n'chifukwa chake zikumupweteka kwambiri.

Patapita masabata angapo, ndili pageti ndi mayi anga, ndinaona mpango woyera uja ukutuluka m'chipatala. Mayi aja anabwera kudzaonetsa maso, ndipo anali okha. Anafunsa kwa ogulitsa anzathu za mtsikana woyenda ndi mlendo wamtali, iwo anawalozera kwa ife. Mayi anga anatseka beseni la zigumu n'kupita nawo kunyumba. Ine ndinathamanga kukaitana mnzanga.

Mayi okalambawo anakhala pamkeka m'chipinda chathu chochezera, pansi pa chithunzi cha Amayi Maria, tiyi akuzizira pambali. Mnzanga anakhala pansi chapatali, miyendo atapinda. Mayiwo sanazungulire.

"Mwanangu, amalume anga anamwalira bwanji? Anawasambitsa ndani?"

Mnzanga anafotokoza, ine ndikuthandiza pamene mawu amuthera. Agogo akewo anamwalira atakalamba kwambiri, atadwala chifuwa. Pafamupo panali antchito ena ochokera ku Mangochi, ndipo mmodzi wa iwo ankatsogolera mapemphero. Ndiye anawasambitsa, n'kuwakulunga m'nsalu yoyera, n'kuwaika kuseri kwa zigafa za fodya pamene ankaikidwa anthu akuno. Mayiwo anafunsa ngati amapita kukalambula pamandapo. Iye anati ayi. Famuyo ili ndi eni ake atsopano, ndipo ulendo womaliza umene anadutsako anaona kuti pamalopo pabzalidwa chimanga.

Kenako mayiwo anafotokoza mbali yawo. Anali kamwana pamene amalumewo ankachoka. Chimene ankakumbukira n'chakuti ankawanyamula paphewa kupita nawo kumsewu kukaona galimoto. Zina anachita kumva kwa mayi awo. Kapitawo wa pa esiteti anakwapula mayi awowo chifukwa sanamalize ndime ali ndi pakati, amalumewo anamugwetsa pansi kapitawoyo, ndipo kukhala kunakanika. Atathawa, nyumba yawo inagwetsedwa. Patapita zaka esiteti inatha, malo anayamba kugawidwa. Mabanja amene anali ndi mwamuna wowayankhulira anapeza minda ya kudambo. Mayi awo analibe mlongo wina, ndipo anapatsidwa pamiyala paja. Mpaka imfa yawo ankayang'anabe kunjira. Sadaka, mwambo wa mapemphero ndi chakudya wokumbukira womwalira, sanachite, chifukwa sungachitire sadaka munthu amene sukudziwa ngati anafa.

Anati moyo wawo wonse anali ndi mkwiyo ndi amalumewo. Ankati ndi mtchona, anatiiwala ali pabwino, akudya buledi. Mnzanga anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi chakale chimene anachijambulanso: nkhalamba yoonda itakhala pachitini kutsogolo kwa kanyumba kaudzu. Anati agogo akewo ankatchula mlongo wawo kawirikawiri, makamaka atadwala, koma ankachita manyazi kubwera chimanjamanja, ndiponso mpaka kukalamba ankakhulupirira kuti akafika adzamangidwa. Mayiwo anayandikitsa foniyo kumaso kwawo kodwalako n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Mayi anga anatuluka kukatenthetsanso tiyi.

Ponyamuka mayi okalambawo ananena kuti achita sadaka, ndipo mdzukulu wa amalume awowo akhalepo.

Mwana wawo uja sanakondwe. Anavomera pokhapokha mnzanga atanena pamaso pa ashehe ndi abale onse kuti iye ndi ana ake sadzafunsa munda. Ine ndinaona ngati n'zochititsa manyazi, ndipo ndinamuuza mnzangayo kuti angathe kukana. Iye anati anena, popeza n'zoona, komanso akudziwa mmene munthu amagonera akamaopa kuti mawa amuchotsa pamalo. Anafuna kugula mbuzi, bamboyo anakaniza. Anati mbuzi ichokera m'khola la pakhomo, mlendo abweretse mpunga.

Tsikulo ine ndi mayi anga tinapita m'mawa. Tinakhala kumbali ya azimayi, kupeta mpunga ndi kusenda anyezi, akutiseka kuti Akatolika sitidziwa kuphika mpunga woyoyoka. Amuna anakhala pamikeka pansi pa mtengo wa mango. Mnzanga anabwerekedwa kachisoti koyera kamene kankamuthina. Ashehe anawerenga mapemphero, n'kutchula dzina la womwalirayo pamodzi ndi la mlongo wake. Atatha, mnzanga anaimirira n'kunena mawu aja m'Chinyanja, osafuna kuti ndimuthandize. Anawonjezera kuti bambo ake ali moyo ku Zimbabwe, ndipo awauza kuti kuno kuli abale. Kenako nkhalamba ina inamuuza kuti akhale pansi adye, mpunga ukuzizira.

Anthu atayamba kubalalika, bambo uja anamutenga mnzanga kupita naye kumanda kukamuonetsa pamene anagona mlongo wa agogo ake. Ine sindinapite nawo. Anakhalitsako, ndipo pobwera ankakambirana za mtengo wa nandolo.

Pa kulemba m'pamene ine ndi mnzanga tinakangana. Ine ndinkafuna kuti nkhaniyi ilowe mu lipoti lathu, chifukwa inkaonetsa banja limodzi lolandidwa malo kawiri, m'maiko awiri, ndi zidzukulu zake zikuopana chifukwa cha munda wamiyala. Iye ankakana, ankati sakufuna kuti azakhali ake, monga anayamba kuwatchulira, asanduke chitsanzo chokambidwa m'mahotela. Tinakhala masiku osagwirizana. Potsiriza tinapita kukawafunsa eni ake. Mayiwo anati tilembe, koma maina ayi, ndipo tisaiwale kulemba kuti kapitawo uja anali munthu wakuda, wa mudzi woyandikana nawo, amene zidzukulu zake zili ndi dimba lalikulu mpaka lero. Mwana wawo anati zimenezo zisalembedwe, anthuwo amapemphera nawo mzikiti umodzi. Anakangana ife tili pomwepo, ndipo tinalemba mosatchula mudzi.

Kumsonkhano womaliza, umene unachitikira kunja, ine sindinapite chifukwa pasipoti yanga inachedwa kutuluka. Ndinaonera pafoni ndili pakhonde kwathu, netiweki ikudukaduka. Mnzanga anawerenga mbali yanga ndi yake yomwe. Pulofesa wina anafunsa ngati mwambo ngati umenewo tingautche chilungamo, popeza palibe amene anabwezeredwa malo. Mnzanga anayankha kuti ayi, sitikuutcha choncho, munda udakali womwewo ndipo anthu akuchulukirabe. Anati tinangolemba zimene banjalo linatha kudzichitira lokha, ndipo zotsalazo zikudikira amene ali ndi mphamvu zogawa malo.

Panopa ndimaphunzitsa ku Zomba. Mayi aja alipo, diso limodzi anawachita opaleshoni ndipo likuona. Mwana wawo anasiya sikelo. Ukwati wake unatha, kwa mkazi anachokako, ndipo pamunda wa alongo ake panalibe poti n'kuponda. Anawolokera ku Mozambique kumene akubwereka munda, monga akuchitira amuna ambiri a m'dera lathu. Ine ndi mnzanga tapempha thandizo loti tikafufuze za anthu amenewa. Titamuimbira bamboyo kumufunsa ngati angatiperekeze, anati palibe vuto, bola tibwere atakolola, ndipo mlendo wamtaliyo abwere ndi nsapato zoyendera m'matope.