Nsapato za Abwana ndi Tambala wa Amalume

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa Boma, pa kampani ina ya makompyuta imene inkachita lendi kuseri kwa sitolo ya zitsulo, kufupi ndi pokwerera minibasi za ku Limbe. Zaka za m'ma 2000 zinali zitangoyamba kumene. Ine n'kuti nditangomaliza Fomu 4 pa sekondale yoyendera kwathu ku Namitambo, ndipo kompyuta ndinali nditaiona pa chithunzi chokha. Anandilemba mondiyesa kaye, amvekere pakatha miyezi ingapo adzaona ngati ndili woyenera kukhazikika. Tsoka ilo, kunyumba mayi anali atauza kale mpingo wonse kuti mwana wawo akugwira ntchito ya mu ofesi. Kubwerera kumudzi kukagwira khasu sikunkandiopsa kwenikweni. Chinkandiopsa chinali kukaima panja pa tchalitchi Lamulungu, anthu n'kumandifunsa kuti makompyuta ali bwanji.

Kampaniyo inkaphunzitsa anthu kompyuta, kuwatayipira makalata, komanso kukonza makina a m'maofesi akawonongeka. Antchito tinalipo atatu. Panali achemwali olandira alendo, achimwene okonza makina, ndi ine amene ndinkatayipa ndi zala ziwiri komanso kuthandiza ophunzira kupeza batani loyatsira. Sanali abale anga, koma ndi mmene tinkaitanirana.

Abwana anali atagwirapo ntchito ku Joni, ndipo anabwerako ndi nsapato zosongoka komanso maganizo ambiri a kayendetsedwe ka kampani. Sankafuna kutchedwa bwana. Sankafuna kugwadiridwa kapena kupatsidwa chinthu ndi manja awiri. Tsiku loyamba ndinawapatsira pepala monga anandiphunzitsira mayi, mawondo nditapinda pang'ono, iwo n'kundifunsa ngati pepalalo linkalemera. Ankati pa kampani pathu tonse ndife ofanana, ndipo chitseko cha ofesi yawo n'chotsegula nthawi zonse. Chinalidi chotsegula, chifukwa loko wake anali atathyoka. Ankafunanso kuti tiziwatchula dzina lawo loyamba, ngati kuti tinaweta limodzi mbuzi. Izi ine zinandikanika. Ndikafuna kuwaitana ndinkangotsokomola mpaka atatembenuka, moti tsiku lina anandigulira mankhwala a chifuwa.

Chipinda cha makompyuta chinali ndi lamulo lake. Abwana anatiphunzitsa kuti fumbi ndi mdani wamkulu wa kompyuta, choncho aliyense ankavula nsapato pakhomo. Tikamaweruka tinkafunditsa makinawo nsalu, ndipo fani imodzi yomwe inalipo inkapepera makina okha, ife thukuta lili kamukamu. Aphunzitsi a kupulayimale, makalaliki a m'maofesi a boma, ngakhalenso asisitere ena ochokera ku Nguludi, onse ankasiya nsapato pakhomo n'kulowa ndi sokosi, ena akupinda zala kubisa mabowo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalowa ndi nsapato, ndipo munthuyo anali abwana. Nsapato zawo zinkadutsa pamsika pomwepo pamene zathu zinkadutsa, koma mwina fumbi lake linali lophunzira. Akatuluka, ine ndinkatenga kansanza n'kupukuta mmene aponda.

Chimene abwana ankanyadira kwambiri chinali msonkhano wa Lachisanu masana, umene ankautcha wa kumasukirana. Tinkazunguliza mipando m'chipinda cha makompyuta momwemo, ndipo aliyense ankayenera kunena chinthu chimodzi chimene abwana akulakwitsa. Ankatikumbutsa kuti ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994, mantha anathera pomwepo, ndipo kampani imakula anthu akamadzudzulana maso ndi maso. Achemwali ankayamba. Ankanena mosaopa kuti abwana amagwira ntchito mopitirira muyeso, sapuma, tsiku lina adzagwa. Achimwene okonza makina ankawonjezera kuti abwana ndi ofatsa kwambiri, anthu adzawadyera masuku pamutu. Abwana ankamvetsera nkhope ili yachisoni, n'kuthokoza chifukwa cha kulimba mtima kwawo, n'kulonjeza kuti asintha. Ikafika nthawi yanga ndinkayang'ana sokosi zanga n'kunena kuti palibe.

Achemwali anandimvera chisoni. Anandinong'oneza kuti ndizingonena kuti abwana amaiwala kudya. Koma abwana sankaiwala kudya, ndipo ndinali ine amene ndinkakawagulira tchipisi ndi mazira kumsika. Ndinkaona kuti kunama pa msonkhano wa chilungamo n'kulakwira munthu amene anandipatsa ntchito. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu akapempha choonadi ndiye kuti akuchifuna.

Nthawi yondiyesa ili pafupi kutha, abwana anandiitanira mu ofesi yawo yosatsekeka ija. Anati katayipidwe kanga kasintha, zala zafika zinayi, koma kampani yamakono siyenda ndi anthu a zii.

"Aise, Lachisanu la sabata ya mawa ndikufuna undiuze cholakwa changa chenicheni," anatero. "Ukadzangoyang'ananso sokosi, ndiye kuti kuno si kwako."

Cholakwa chenichenicho ndinali nacho kale, pakuti ndinkachipukuta tsiku ndi tsiku. Vuto linali pochinena. Abwana anali a msinkhu wa bambo anga omwalira. Kuwayang'ana m'maso n'kuwauza kuti nsapato zawo n'zauve, pakamwa panga sipakanatha. Ndinayeserera ndekha kuseri kwa sitolo ya zitsulo ija, koma ndikangofika pa mawu akuti nsapato, ndinkayamba kutsokomola.

Loweruka ndinapita kumudzi n'kukawafotokozera amalume. Amalume ankakonza njinga pa Namitambo, koma ntchito imene ankaikonda inali ya unkhoswe. Anali ankhoswe a maukwati ambiri, ndipo ena mwa maukwatiwo analimbadi. Kwathu mawu olemera sayenda okha. Kaya ndi nkhani ya banja, kaya ya malire a munda, kaya mbuzi yadya chimanga cha eni, mwini nkhani amakhala pansi, wina n'kumuyankhulira. Amalume atamva, anaika sipanala pansi n'kunena kuti nkhaniyo ndi yaing'ono. Mwana sadzudzula wamkulu, amatuma. Ndipo wotumidwayo sapita chimanjamanja, amanyamula kopepesera pasadakhale. Mayi anapereka tambala wawo wofiira. Ine ndinabwerera ku Boma mtima uli m'malo, poona kuti abwana alandira choonadi chimene akufuna komanso ulemu umene akuyenera. Ndinkadziona ngati wanzeru.

Lachisanu titangozunguliza mipando, ndinamva belu la njinga panja. Amalume analowa atavala jekete lawo la maukwati, tambala ali kukhwapa, miyendo yomanga ndi luzi. Za lamulo la nsapato ndinali nditawauza, choncho anavula pakhomo n'kuziika bwinobwino pafupi ndi zathu. Sokosi analibe. Achemwali anayang'ana tambala, n'kuyang'ana makompyuta, n'kundiyang'ana ine. Ndinaimirira n'kunena kuti awa ndi amalume anga, ndipo ndi mawu okhawo amene ndinayankhula pa msonkhano wonsewo.

Abwana anaganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Anawapatsa mpando wawo, koma amalume anakana, n'kukhala pansi pafupi ndi pulinta. Anaomba m'manja n'kuyamba ndi malonje. Anafotokoza mmene adzukira, mmene adzukira mlongo wawo, mmene mvula yavutira chaka chimenecho, ndi mmene msewu wawonongekera pakati pa Namitambo ndi Boma. Anafotokozanso mmene makolo athu anachokera ku Mozambique n'kudzakhazikika kuno, ndi kuti chifikireni mtundu wathu sunanyozepo munthu popanda kupemphedwa. Atatero anakankhira tambala uja kutsogolo.

"Bwana, mphwangayu wandituma," anatero amalume. "Akuti inu mwamulamula kuti akunyozeni pang'ono kuti ntchito yake ikhazikike. Ife kumudzi tinadabwa, koma tinati za ku Joni sitizidziwa. Ndiye kopepesera ndi aka, landirani. Chonyozacho ndi nsapato zanuzo. Akuti anzanu onse amavula, mpaka asisitere, koma inu mumangolowa nazo, iye n'kumakolopa."

Tonse tinayang'ana pansi, ndipo pansipo panali sokosi zathu, mapazi a amalume, ndi nsapato ziwiri zosongoka zili ndi matope a pamsika m'mbali. Abwana anazibweza pang'onopang'ono pansi pa mpando.

Akanalekera pomwepo, mwina zikanakhalako bwino. Koma amalume akapeza anthu omvetsera, salekera panjira. Anati poti abwera kale, ali ndi tina tawo tiwiri. Anafunsa chifukwa chimene fani ikupepera zitsulo pamene ana a eni akuwauka. Anafunsanso ngati n'zoona kuti munthu wamkulu ngati abwana, wa banja lake, amafuna kutchulidwa dzina ndi ana, n'kuwonjezera kuti ngati pali chimene chikuwavuta kunyumba, iwo nkhani zotere amazitha. Achimwene okonza makina anatuluka akutsokomola, ndipo chifuwa chawocho tinkachimvabe ali kuseri kwa sitolo. Tambala naye anakupiza mapiko, nthenga ziwiri n'kukatera pa kiyibodi.

Chimene chinachitika kenako sindinachiyembekezere. Abwana aja, amene ankatiletsa kugwada, anatsetsereka pa mpando n'kunjuta. Anaomba m'manja mwaulemu kuposa mmene ine ndinkaombera.

"Zikomo bambo, tamva," anatero. "Ndife ana, timalakwa."

Tambala anamulandira ndi manja awiri. Anatuma achemwali kukagula zoziziritsa kukhosi ndi mabanzi, ndipo anaperekeza amalume mpaka pamsewu, njinga akuwakankhira okha. Ine sanandiyang'ane ngakhale pang'ono. Za ntchito yanga sananenepo kanthu, anangolowa mu ofesi mwawo n'kutsekera chitseko ndi mpando.

Achemwali anandithandiza kutola nthenga. Anandiuza kuti ndadzikumbira ndekha dzenje, ndipo anadabwa kuti kusekondale kwathu sanatiphunzitse kuti wamkulu akati undidzudzule, akutanthauza kuti umuyamikire mochenjera. Anandilangiza kuti ndinyamuliretu kapu yanga ya tiyi popita kumudzi, kuti Lolemba ndisadzavutike kubwera. Ndinainyamuladi.

Lamulungu ndinapemphera nditakhala kumbuyo kwenikweni, ndipo ndinatuluka nyimbo yomaliza isanathe. Amalume okha ndi amene anali osangalala. Ankauza aliyense kuti nkhani ya ku Boma anaiyendetsa bwino.

Masana a tsiku lomwelo, pakhomo pa amalume panafika bambo wina wachikulire amene sitinkamudziwa, atavala chipewa, atanyamula kathumba ka shuga. Atapatsidwa mpando anadzifotokoza kuti ndi amalume awo a abwana, achokera cha ku Nguludi, ndipo atumidwa. Abwana anga, mphunzitsi wa kudzudzulana maso ndi maso, anali atatuma munthu. Ine anandikhazika patali, pa mtondo wogubuduza, chifukwa mwini nkhani sayankhula. Akuluakulu awiriwo anayamba ndi mvula ndi misewu, ndipo atafufuzana anapeza kuti anakumanapo pa ukwati wina umene sunalimbe. Dzuwa litapendeka ndi pamene anafika pa mutu wa nkhani.

Mlendoyo anati mphwawo wamva chidzudzulo ndipo wachilandira. Mnyamatayu ntchito yake yakhazikika, Lolemba apite. Koma mphwawoyo ali ndi pempho limodzi, lakuti amalume asadzafikenso ku ofesi, ndipo ngati pali nkhani ina, izidzera kwa iwo ku Nguludi. Amalume anavomera, ngakhale ndinaona kuti zinawakhumudwitsa pang'ono. Anafunsa za nsapato. Mlendoyo anayankha kuti nkhani ya nsapato ikuganiziridwa, koma tambala anali wonona.

Lolemba ndinabwerera ndi kapu yanga ya tiyi. Achemwali atandiona anangoti, "Achimwene, muli ndi mankhwala," n'kupitiriza kusesa. Nkhani ya nsapato inali itaganiziridwadi. Kuyambira tsiku limenelo abwana sanalowenso ndi nsapato m'chipinda cha makompyuta, chifukwa sanalowemonso n'komwe. Ankaima pakhomo, nsonga za nsapato zitalekezera pa mzere wa simenti, n'kumaphunzitsa ali pomwepo, akuloza makina ndi rula. Ophunzira a kumapeto ankachita kutembenuza khosi. Kompyuta ikavuta, achimwene okonza makina ankainyamula kupita nayo pakhomo kuti abwana aione.

Msonkhano wa Lachisanu unapitirira, koma unasamukira pakhonde. Achemwali anapitiriza kudandaula kuti abwana sapuma, achimwene kuti ndi ofatsa, ndipo abwana anapitiriza kulonjeza kuti asintha. Ikafika nthawi yanga, abwana ankafulumira kunena kuti uyu ananena kale, n'kutseka msonkhano. Ndinagwira ntchito pa kampaniyo zaka zingapo osafunsidwanso maganizo anga pa chilichonse, ndipo zimenezi zinkandikomera kwambiri.

Alendo ochokera ku Blantyre akabwera kudzaona kampani, abwana ankawaonetsa makompyuta ali pakhomo, kenako n'kundiloza ine. Ankawauza kuti pa kampani pawo ngakhale wamng'ono kwambiri amadzudzula mkulu wa kampani mosaopa, ndipo chitsanzo chake ndi mnyamata uyu. Alendowo ankandiyang'ana mwachidwi, ena n'kundifunsa kuti kulimba mtima kotere ndinakuphunzira kuti. Ine ndinkayang'ana sokosi zanga n'kutsokomola.