Tsiku Limene Ndinagwira Apongozi Padzanja

Ndinalowa chikamwini kufupi ndi Tsangano nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha. Zaka zisanu ndi chimodzi ndinakhala pamudzipo osalankhula ndi apongozi anga aakazi. Sitinadane. Ndimo tinaleredwera. Tikakumana panjira ine ndinkapatukira paudzu, iwo n'kuyang'ana kumbali. Ndikamayandikira pakhomo pawo ndinkatsokomola kuti adziwe, alowe m'nyumba. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga. Ana a masiku ano amaseka ndikamanena zimenezi. Aseke.

Ndisanakwatire ndinagwirapo ntchito pamgodi wa mzungu wina m'nkhalango ya kumpoto kwa mudziwo. Tinkakumba miyala yonyezimira, yosendeka ngati mapepala, imene ankati ikufunika kunkhondo. Maenje ake anali akuya. Ukaima pansi pake, kumwamba kunkaoneka ngati kukamwa kwa mtsuko. Mzungu uja atachoka, kapitawo anatiuza kuti tikwirire onse. Tinali titatopa. Ochepa tinakwiriradi. Otsalawo tinangoyala mitengo pamwamba, kuika udzu, kuthira dothi. Mozungulira tinadzala khonje kuti ife eni tizizindikira. Manja angawa anayala nawo mitengoyo, ndipo sindinauze munthu aliyense.

Kutchalitchi kwathu tinali ndi gulu loyenda pansi. Chaka chilichonse nthawi ya Pasaka tinkanyamuka, amuna ndi akazi, ulendo wokapemphera ku mishoni ya ku Nzama, tikuimba, kamba wathu mbatatesi zophika ndi chimanga chootcha. Chaka chimenecho aphunzitsi a patchalitchi, amene ankatitsogolera, anati tidulire m'nkhalango ya mgodi.

"Aphunzitsi, njira imeneyo si yabwino," ndinatero.

"Mukuopa mizimu? Suja munabatizidwa inu?"

Mlamu wanga, mchimwene wa mkazi wanga, anathirirapo ndemanga. "Alamu akuopa kapitawo wawo, angawaitanenso kuntchito!"

Onse anaseka. Pamenepo mpamene ndikanaulula. Koma ndinali mkamwini wodziwika kuti mzere wake m'munda sukhota, ndipo sindinafune kuti amve zoti ndinagwirapo ntchito yachinyengo. Ndinangonong'oneza mkazi wanga kuti, "Muwauze anzanu asayandikire pamene pali khonje."

"Chifukwa?"

"Pamakhala njoka."

Anauza amene anali naye pafupi. Amayi ake anali patsogolo, sanamve.

Tinalowa m'nkhalangomo dzuwa lili pamutu. Misuku ndi zitsamba zinali zitakula pamene ife tinasiya poyera. Milu ya miyala inali itamera udzu, koma inkaphethirabe. Tinadutsa wilibala yadzimbiri, kenaka chumuni cha nyumba ya mzungu chitaima chokha. Ena ankatola timiyala toti akapatse ana. Ine ndinali kumbuyo kwa onse, chifukwa apongozi anali mumzeremo ndipo ndinayenera kutalikira. Maso anga anali pa khonje basi. Ndinaona woyamba kumanzere, wachiwiri kumanja, pafupi kwambiri ndi njira kuposa mmene ndinkakumbukira. Phazi lililonse ndinkaponda ndikumvetsera nthaka.

Kenaka kunagwa nkhungu, ija ya kumapiri kwathu yobwera ngati utsi. Nyimbo inatha yokha. Wa patsogolo panga ndinkamuona ngati chithunzithunzi, pang'ono pang'ono osamuonanso.

Ndinamva mawu a apongozi akuuza mkazi wanga kuti, "Pitirira, ndikupeza." Ankafuna kupatuka, monga munthu aliyense paulendo. Anadikira mzere wonse udutse, osadziwa kuti ine ndatsalira. Nditayandikira ndinawaona akutula dengu, kenaka akulinyamulanso, akufuna pobisika. Pobisika pabwino panali pamodzi: pakati pa khonje wamkulu wozungulira ngati khola.

Dzenje limenelo ndinkalidziwa. Linali lakuya kuposa onse, ndipo pansi pake pankakhala madzi.

Mkamwini ayenera kuyang'ana kumbali pa nthawi ngati imeneyo. Ndinachita chimene ndinachizolowera zaka zonsezo. Ndinatsokomola.

Iwonso anachita chimene anachizolowera. Atamva kuti ndi ine, anafunda nsalu kumutu n'kuthawira mkati, kutali nane. Mapazi atatu, anayi. Anakaima pakatikati penipeni.

Nthaka inalira ngati ng'oma yonyowa.

"Amayi, imani pomwepo!"

Sindinalidziwe liwu langa. Anaima, nkhope atalozetsa kwina. Anayankha ngati akuuza mtengo. "Wina awauze bambo a ana apitirire."

"Palibe wowauza. Pansi pa mapazi anu pali dzenje. Pamwambapo ndi mitengo chabe, ndipo yaola."

"Amati ndi njira ya anthu ino."

"Ndinayala mitengoyo ndine, amayi. Sitinakwirire."

Ndinagona chamimba m'mphepete, minga ya khonje ikundibaya m'nthiti, n'kutambasula ndodo yanga. Inaperewera pang'ono. Dothi linkanjenjemera pansi pa chifuwa changa, ndipo fungo la madzi akale linkatuluka m'ming'alu.

"Tulani dengu pang'onopang'ono. Mugwade. Mukwawe kubwera kuno."

Anatula. Pamene dengu linakhudza pansi, dothi linatseguka n'kulimeza. Tonse awiri tinamvetsera. Panapita nthawi yoti munthu n'kunena dzina la Atate ndi la Mwana, kenaka tinamva phuvu, kutali pansi.

Apo anagwada. Anakwawa, nsalu ikadali kumaso, akupapasa ndi dzanja limodzi. Anagwira nsonga ya ndodo. Mtengo wina unathyoka kumbuyo kwawo, miyendo yonse n'kulowa mpaka m'chiuno. Ndodo inawapulumuka. Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji, koma ndinapezeka nditagwira dzanja lawo pamfundo ndi manja anga onse awiri, mapazi nditakola patsinde la khonje. Anali munthu wochepa thupi, koma tsiku limenelo analemera ngati ng'ombe. Nsalu inagwa. Kanali koyamba kuona nkhope yawo pafupi. Anali ndi maso a mkazi wanga.

Ndinakuwa. Ndinaitana mlamu wanga ndi dzina lake lenileni, chinthu chimene sindinachitepo. Nkhungu inameza mawuwo. Mikono inayamba kufa dzanzi, tsinde la khonje likuzuka pang'onopang'ono. Ndinakuwanso. Kenaka ndinamva mapazi akuthamanga.

"Musaponde mkati! Gwirani miyendo yanga!"

Mlamu wanga ndi aphunzitsi anandikoka ngati chipika, ine n'kukoka apongozi. Titafika polimba, denga lonse la dzenjelo linagumukira pansi. Panatsala kukamwa kwakuda kukupuma nthunzi. Palibe anaseka.

Ndinaimirira pamaso pa gulu lonse n'kunena zonse: mitengo, udzu, khonje, ndi bodza la njoka. Aphunzitsi anati, "Tsogolani inu." Ndinatsogola, ndikugogoda pansi ndi ndodo ya mlamu wanga, mpaka tinatuluka m'nkhalangomo. Ku Nzama tinafika opanda nyimbo.

Tisananyamuke padzenje paja, apongozi anali atakhala paudzu, mkazi wanga akuwapukuta magazi m'miyendo. Anandiyang'ana m'maso, osadzera mwa wina aliyense.

"Mwandipweteka dzanja," anatero.

"Pepani, amayi."

"Mukakwirire."

Anafundanso nsalu yawo. Mpaka tsiku limene tinawaika m'manda sanandilankhulenso, ndipo ine ndinapitiriza kutsokomola pakhomo pawo.

Titakolola chaka chimenecho ndinatenga khasu ndi wilibala yadzimbiri ija. Maenje anali asanu ndi awiri. Mlamu wanga anandithandiza atatu, otsalawo ndinamaliza ndekha mvula isanagwe. Khonje yense ndinazula.