Kadzenje ka Kumanzere kwa Khosi

Ophunzira za udokotala ankawatchula kuti Mayi Gwirani, chifukwa mawu awo anali omwewo chaka ndi chaka: gwirani, musangoyang'ana. Ankaphunzitsa thupi la munthu chigawo ndi chigawo, kuyambira mkono, chifuwa, mimba, mwendo, n'kumalizira mutu ndi khosi. Pomwe ankamaliza, kalasi ina inkakhala itafika kale, iwo n'kubwereranso ku mkono. Anali otopa, kutopa kosatha ndi tulo. Fungo la mankhwala oumitsira mitembo linali litawalowerera m'tsitsi ndi m'zikhadabo, moti mu basi anthu ankatsegula mawindo mwaulemu ngati akungofuna kamphepo.

Mitembo ya m'chipinda chapansi sinkawavuta, poti sinkafunsa ngati zimenezi zidzabwera pa mayeso. Koma mayiwa ankati wophunzira wozolowera mnofu wouma sadziwa thupi lofunda, choncho pakutha pa chigawo chilichonse ankabweretsa munthu wamoyo kuti ana amugwire. Munthuyo anali amuna awo, telala wa pakhonde la sitolo ina. Bambowo ankavula shati n'kukhala pa kampando, mayi n'kumawajambula mizere ndi cholembera chakuda: apa nthiti, apa mtima, apa chiwindi. Bambowo ankaseka ndi ana aja kuti mwa amuna onse a m'tauni, ndi iwo okha amene akazi awo amawadziwa mpaka ndulu.

Kunena zoona, kunyumba mayiwo sankawakhudza n'komwe. Ankafika manja atalema, n'kusamba, n'kugona chakudya chisanatsike. Chaka chimenecho bambo anayamba kusiya chakudya m'mbale, akuti akukhuta msanga. Mathalauza ankawachepetsa okha m'chiuno pa makina awo, choncho sankakhwepa. Mwana wawo wamkazi atabwera kudzacheza n'kunena kuti ababa akutha thupi, mayi anangoti ndi ukalamba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Tsiku lophunzira khosi kunatentha kwambiri. Mayi anajambula mizere yawo maso ali kwa ana, dzanja likuyenda lokha njira yake yakale. Kenako anapita pa bolodi n'kufotokoza za kadzenje kamene kali pamwamba pa fupa lopingasa la m'munsi mwa khosi, mbali ya kumanzere. Anati mwanabere wolimba akatuluka pamenepo, kawirikawiri amakhala uthenga wochokera m'mimba, woti khansa yafika patali. Anauza ana kuti afole, aliyense agwire, amve mmene malo abwinobwino amamvekera.

Ambiri anagwira mwachidule, n'kugwedeza mitu, n'kudutsa. Mtsikana wina wa magalasi anachedwa. Anachotsa dzanja, n'kulibwezanso, kenako ananena motsitsa mawu kuti akumva kanthu kolimba.

Mayi anapumira m'mwamba. Chaka chilichonse sipankalephera kukhala wina wopeza matenda pa fupa. Ali pa bolodi pomwepo, anamuuza kuti akweze chala, wakanikiza nthiti yoyamba. Mtsikanayo anakweza chala, koma sanachoke.

"Madamu, tabwerani mugwire nokha," anatero.

Mayi anapita akukoka mapazi, atakonzeka kale kumuwongola, n'kuika zala ziwiri m'kadzenjemo. Kanthuko kanalipo, kolimba ngati nyemba youma, kosasuntha. Anayesa mbali ya kumanja, munalibe kanthu. Anabwerera kumanzere. Apa m'pamene anaona thupi limene ankalijambula miyezi yonseyi, nthiti zoonekera patali, lamba atabooledwa bowo latsopano. Anachita manyazi owawa, oti sakanawafotokozera munthu.

Bambo sanatembenuke. "Kakhalapo nthawi, amayi," anatero. "Ndimati poti inu mumandigwira kuno ndipo simunanene kanthu, ndiye kuti n'kabwinobwino."

Ana amene anali asanagwire anaima pa mzere wawo, osadziwa kuti apite kutsogolo kapena akhale pansi. Bambo anafunsa ngati enawa atsirize kaye, poti anali atavula kale.

"Ayi, bambo. Tiyeni kwa madokotala," anatero mayi.

Anatenga shati pa msomali n'kuwaveka okha, kuphimba mizere yakuda ija. Anaphonya bowo la batani limodzi, shati n'kupendama. Telalayo, amene sankalekerera zoterezi ngakhale pa munthu wodutsa mumsewu, anangoyang'ana manja a akazi awo pachifuwa pake n'kuisiya choncho.