Masokosi Atatu M'dilowa ya Alamu Anga

Alamu anga a Tusekelege sakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze okha. Mukawauza kuti basi yochokera m'tauni kupita ku Govanhill imatenga mphindi khumi, amayang'ana wotchi pokwera ndi potsika pomwe. Akagula nyama kubutchala, pofika kunyumba amaiikanso pasikelo yawo. Anabadwira ku Karonga, kwa alimi a mpunga, ndipo amati mayi awo anawaphunzitsa kugwira chitini choyezera asanagwire pensulo, chifukwa mavenda ankabwera ndi zitini zofutukula dala kuti muzilowa mpunga wambiri.

Anakwatiwa ndi achimwene anga a Henderson, aphunzitsi a ku Zomba. Ine ndi amene ndinayamba kubwera kuno ku Glasgow, ndipo ndine ndinawapezera ntchito kunyumba yosamalira okalamba. Achimwene anatsala kumudzi ndi ana awiri. Tsiku limene akazi awo ankanyamuka anandiimbira foni. "Sylvia, undiyang'anire alamu akowo," anatero. Mawu amenewo ndinawatenga ngati ndalembedwa ganyu. Ine ndili ndi maso, ndipo pakamwa panga sipachedwa. Ndikudziwa kale, musachite kundiuza.

Zaka ziwiri zoyambirira panalibe choti n'kuyang'anira. Kuntchito, kutchalitchi, kunyumba, basi. Loweruka lililonse ndinkakwera basi kuchokera ku Maryhill kukadya mpunga wawo wa Kilombero, umene fungo lake linkakulandira uli pamasitepe apansi. Tinkalukana tsitsi, kujeda achimwene, n'kuseka mpaka mzungu wapansi kugogoda denga ndi tsache. Kiyi wa nyumba yawo ndinali naye.

Zinayamba kusintha chaka chatha mu Febuluwale. Anasowa masabata asanu ndi limodzi, ati awatumiza ku Oban kukagonera kwa gogo wina wodwala. Pobwerako anali ataonda, kumutu ali ndi wigi. A Tusekelege wigi? Munthu amene ankatinyoza ife kuti timavala tsitsi la eni ake! Kundikumbatira anasiya, ankangondipatsa dzanja ngati ndine mkulu wa mpingo. Ku Mvano, komwe amayi tonse timasinthira limodzi mabulauzi oyera m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, iwo anayamba kubwera atavaliratu, jekete atatseka mpaka m'khosi. Foni ikalira ankatuluka kukayankhira pamasitepe, ndipo tsiku lina ndinatchera khutu pachitseko. Ankanong'ona m'Chingerezi kuti Lachinayi abwera, ndipo abwera okha.

Eee! Mayi wa ana awiri, mwamuna ali ku Zomba akudya fumbi la choko, iwo kuno akupangana masiku ndi ndani? Ndinangoti ndiona.

Loweruka lina m'mawa, miyezi iwiri achimwene asanabwere kudzacheza, ndinapita ndi usipa umene wina anabwera nawo kuchokera kumudzi. Ndinkadziwa kuti alamu ali kuntchito. Usipa ndinausiya kukhitchini, koma miyendo inanditengera kuchipinda, ndipo sindinama kuti ndinkafuna singano. Ndinatsegula dilowa yapamwamba.

Munali makamisolo atatu atsopano, amaluwamaluwa, timapepala ta m'sitolo tisanachotsedwe. Ina 36B, ina 36C, ina 38C. Ndinati munthu mmodzi mabere ake angakhale a masaizi atatu? Kenako ndinaona zinazo. Masokosi akuda atatu, lililonse litadzazidwa china chake n'kumangidwa mfundo kukamwa, pamfundopo atakulunga ulusi wofiira. Lililonse linali ndi kapulasitala kolembedwa nambala: 300, 350, 400. Limodzi linali litakhazikidwa m'kati mwa kamisolo, mbali ya kumanzere, kumene kumakhala mtima.

Ine ndinakulira ku Zomba, chithumwa ndimachidziwa. Azakhali athu anapezapo chonga chomwecho m'pilo ya amuna awo, ndipo banja linathera pomwepo. Chakuda, chomanga mfundo, ulusi wofiira, chovala pamtima: ameneyo ndi konda ine, wokokera mwamuna. Ndipo zitatu! Ndinati mayo ine, ndiye kuti amunawo ndi atatu, manambalawo mwina ndi a nyumba zawo.

Tsono kwathu chithumwa sachimasula. Mwana aliyense amadziwa kuti ukamasula mfundo ya mwini wake, zimene anamangamo zimalowa iwe. Ndikanangokoka kaulusi kaja, nkhani ino bwenzi kulibe. Koma ine, mayi wa Mvano wa zaka makumi anayi ndi zisanu, wogwira ntchito m'chipatala cha azungu, ndinathamangira kukhitchini kukatenga chipande. Ndinazijambula kaye pafoni, n'kuzikankhira m'jumbo osazikhudza, pakamwa ndikutchula mwazi wa Yesu. Mu basi jumboyo ndinaiika pansi, kutali ndi miyendo. Nditafika ku Maryhill ndinaima pamlatho n'kuiponya mu ngalande ya madzi yodutsa kumeneko, ndipo inamira nthawi yomweyo. Zithunzi ndinatumiza ku Zomba ndisanafike n'kunyumba komwe, pansi pake ndikulemba kuti, "Achimwene, munati ndikuyang'anireni. Onani."

Achimwene sanayankhe tsiku lonse. Madzulo analemba mawu ochepa: ulendo wa ku Glasgow auimika, ndipo mawa lake, Lamulungu 2 koloko masana, ankhoswe a mbali zonse adzakhala pafoni ya vidiyo. Ine ndikakhale ndi alamu ngati mboni.

Titaweruka kutchalitchi ndinawapeza atakhala patebulo, foni ataitsamiritsa kubotolo la tomato sosi.

"Mlamu," anatero a Tusekelege, osadzutsa mutu, "masokosi anga ali kuti?"

"Ali kumene zinthu zotere zimayenera kukhala. M'madzi."

"Munawamasula?"

"Ndimasule ine? Ndafera chiyani?"

Ndinkayembekeza kuti alira kapena akana, koma anangopukusa mutu. Foni inalira. Pagalasi panaoneka achimwene, maso ali psuu, pambali pawo malume athu a Fryson, ndipo m'kabokosi kena malume awo a alamu, a Atusaye, ali pakhonde ku Karonga. Malume a Fryson anatsokomola, n'kuyamba kuzungulira monga amachitira akuluakulu, mpaka anafika pamfundo: m'nyumba ya mwana wathu mwapezeka mankhwala, tikufuna timve ndi a yani.

A Tusekelege anapempha kuti adikire pang'ono. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi thumba la mpunga, jagi yoyezera ya mizeremizere, ndi sokosi lina lakuda. Anathira mpunga mujagi, n'kuwerama kuti diso lilingane ndi mzere, n'kuchotsako pang'ono ndi chala. Anautsanulira musokosi, kumanga mfundo, n'kuliika patsogolo pa foni.

"Mankhwala ake ndi amenewa, malume. Kilombero wa kwathu. 350."



"Nkhani iyi si yokamba pamaso pa amalume," anapitiriza, "koma poti mwandiitana pabwalo, ndikamba. Ku Oban sindinapiteko. Ndinali m'chipatala konkuno. Anandipeza ndi khansa, ndipo bere lakumanzere analichotsa lonse. Tsitsi linathothoka ndi mankhwala. Panopa akuti matenda sakuonekanso, ndiye akufuna andiikire kathumba ka silikoni m'malo mwake."

Malume a Atusaye anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Malume a Fryson anayamba kupukuta magalasi amene anali oyera kale.

"Adokotala anandiyalira timatumba titatu patebulo, ati ndisankhe. Ndinawafunsa kuti ine ndinkavala 36C, ndi kati kamene kandibwezere pomwepo? Anati chilembo cha kamisolo sangalonjeze, chifukwa sitolo iliyonse ili ndi kayezedwe kake, ndiponso zimadalira kukula kwa chifuwa cha munthu ndi mmene khungu lingatambasukire. Iwo amangodziwa manambala a timatumbato: 300, 350, 400. Ndinati munthu wosadziwa pamene chitini chake chimadzadzira, ine ndimukhulupirire bwanji? Mayi wina pamzere wa kuchipatala ndi amene anandiuza zoyesa manambalawo ndi mpunga musokosi. Sokosi lililonse ndalivala sabata yathunthu, ndikunyamula okalamba, ndikuthamangira basi, ndikudziyang'ana pagalasi ngati mbali ziwirizi zikufanana. Ulusi wofiira ndi wotsala pa juzi imene ndinalukira mwana wathu Malumbo. Lachinayi likudzali ndikuyenera kukapereka yankho."

Achimwene anali atagwira pakamwa. Mwamuna wamkulu, hedimasitala, misozi ikudontha pa tayi.

"Tuse," anatero, "chaka chathunthu? Bwanji osandiuza?"

"Ndinkafuna mudzandipeze mmene ndinachokera," anayankha. "Ndipo ndimakudziwani kwanu. Zikanamveka ku Zomba kuti akazi a Henderson anawadula bere, pofika Khirisimasi abale anu akanakupezerani wina wamphumphu. Ngati sokosi lokha landifikitsa kwa ankhoswe tsiku limodzi, bere likanandifikitsa kuti?"

Sananditchule dzina. Ndinalakalaka pansi patang'ambika kuti ndilowemo ndi yunifolomu yanga yoyera ya Mvano.

Ankhoswe anapepesa mothamanga, aliyense akunamizira netiweki. Achimwene anati abwera ndithu, ndipo ayesa kusintha tikiti kuti afike opaleshoni isanachitike. Foni itazima ndinagwada pansi, pakapeti pomwepo.

"Mlamu, ndalakwa. Ndikhululukireni. Bwanji osandiuza ine, mkazi mnzanu?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa pepala la kuchipatala. Pamzere wa munthu wodzawatenga akatuluka ku opaleshoni panali dzina langa ndi nambala yanga, zolembedwa ndi dzanja lawo.

"Ndinati ndikuuzeni dzulo madzulo tikudya," anatero. "Ndinasokonezeka pakati pa 350 ndi 400. Inu ndi amene munandiveka diresi la ukwati, kuno ku Glasgow ndinu nokha mukudziwa mmene ndinalili. Ndinkafuna mundione ndi maso anu akuthwawo."

Anatenga cholembera n'kudula dzina langa mizere iwiri yowongoka bwino. Kenako anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti akundidzutsa, ndiye ndinaligwira.

"Ayi, mlamu. Kiyi."

Achimwene anafikadi, ndipo ndi iwo anakawatenga kuchipatala. Banja lilipo, ana akubwera chaka chamawa. A Tusekelege anabwerera kuntchito, tsitsi lawo linamera, wigi anaitaya, ndipo nyama amaiikabe pasikelo. Ku Mvano anayambiranso kusinthira limodzi ndi amayi, kupatula tsiku limene ine ndili m'kachipindako.

Amandipatsa moni bwinobwino, "Mwadzuka bwanji, mlamu?", ndi kadzanja kaja. Mpunga wawo sindinaulawenso. Tsiku lina titaima pakhomo la tchalitchi kudikira mvula kuti ikate, ndinayang'ana bulauzi yawo mwakabisira, ndipo ndi maso angawa sindinathe kudziwa kuti mbali yake ndi iti. Pakamwa panga paja panandipereka.

"Ndiye munasankha liti, mlamu? 350 kapena 400?"

Anatsegula ambulera yawo.

"Mukafunse mu ngalande ya ku Maryhill," anatero, n'kulowa mumvula okha.