Zala Ziwili Pakhosi

Amene anandilakwila ndi alamu anga, amuna a alongo anga aakulu. Ndiwo anali kutikonzekeletsa mpikisano wa njinga, ife anyamata asanu onyamula nthochi ku Nyimba. Lamulo lawo linali lakuti tizipalasa masana dzuwa lili pamutu, mu Okutobala, titavala majekete. Madzi ayi, ati alemeletsa mimba. Tsiku lina pa chitunda cha njila ya ku Nyalugwe maso anachita mdima, ndinagwa. Potsitsimuka ndinamva alamu akuuza anthu kuti, "Uyu ndi nthochi yakupsa, kungoigwila yaphwanyika." Anthu anaseka. Njinga yawo yopepuka, imene anandilonjeza kuti ndikapikisane nayo ku Petauke, anandilanda pomwepo.

Ine ndine wa mtima wapachala, ngakhale sukulu ndinasiyila giledi seveni chifukwa cha ndeu. Ndinafuna kuwalumphila, koma miyendo inakana, ndipo ku kiliniki ndinapita pa ngolo.

Anesi a kumeneko, amai aafupi olankhula mofulumila, anandigwila dzanja n'kuika zala zanga ziwili pakhosi panga.

"Wamva kugunda uko? Uziwelenga mpaka kamuvi ka wochi kayende masekondi khumi ndi asanu. Kukatentha, iwe usapitilile makumi anayi. Ukapitilila, chepetsa. Mutu ukayamba kuzungulila, tsika ukhale pamthunzi. Ndipo mkodzo usamaoneke ngati tiyi."

"Kuchepetsa anzanga akundipitilila, amai?"

"Udzawapeza kutsogolo."

Ndinagula wochi yakale pa salaula n'kuimanga pa handulo ndi mphila. Abale, masabata amenewo ndinakondwa ngati ndatola chinthu. Ndinali kuwelenga paliponse, podzuka, pokweza nthochi, ngakhale m'chalichi. Chitunda chimene poyamba chinali kundifikitsa makumi anayi ndi asanu ndinayamba kuchikwela pa makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Ndinaonanso kuti kungomva mawu a alamu pakhomo, nambala inali kukwela ndili chikhalile.

Kenaka alamu analengeza kuti pa Chiwelu tonse asanu tipikisane pa njinga zathu za nthochi, ndipo woyamba kufika pa chigayo ndiye atenge yopepuka ija. Ndinabwela ndi sikipa yoyela ndi mabotolo awili a madzi.

"Wabwela kudzathilila dimba?" anatelo alamu ali pa njinga yamoto.

Tinanyamuka. Anzanga anayi anauluka, fumbi lokhalokha. Pa chitunda choyamba ndinagwila pakhosi: makumi anayi ndi atatu. Ndinachepetsa. Alamu anabwela pambali panga.

"Bwanji mlamu, kakhala kamunga pakhosi? Palasa, nthochi iwe."

Magazi anawila. Miyendo inafuna yokha kuponda mwamphamvu, ndipo kuiletsa kunali kovuta kuposa ndeu zonse zimene ndinamenyapo. Ndinamwa madzi, ena ndinathila m'mutu, maso pa wochi. Makumi anayi. Makumi atatu ndi asanu ndi anayi.

Titadutsa kamlatho ndinapeza mnzanga woyamba atakhala pansi pa mtengo wa mango, jekete ili uko. Patsogolo pang'ono awili anali kukankha njinga, milomo itauma gwa. Ndinayamba kuseka ndekha. Pa chitunda chimene ndinagwela paja ndinapeza wachinayi akupepesuka mumsewu. Ndinamuponyela botolo lachiwili n'kumuuza kuti avule jekete akhale pamthunzi. Ine miyendo inali yatsopano. Ndinatsetseleka ndikuimba belu mpaka pa chigayo, azimai a pamzele akuliza nthungululu.

Alamu anafika, anazimitsa njinga yawo, osandiyang'ana. Ndinapita pomwe anaima, ndinawagwila dzanja, osati kuti ndiwapotokole monga anali kuganizila anthu, koma ndinaika zala zawo pakhosi panga.

"Welengani, alamu. Nthochi yanu yafika yosaphwanyika. Njinga yopepuka ija mukaipope lelo lomwe, ndipo jekete muzivala ndinu."