Maliro a Vitalis Anakanira Pamwamba pa Nyanja

Millicent amasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde la sitolo ina mu Limbe. Ndege ankangoziona zikudutsa kupita ku Chileka, mpaka pamene khansa inagwira mwamuna wake, Vitalis, ndipo iye anapita naye kuchipatala ku India. Pobwerera iye anakhala pampando wa pawindo, mwamuna ali m'bokosi kunsi, pamodzi ndi masutikesi a anthu.

Ali pakati pa nyanja yamchere, ndege inanjenjemera ngati minibasi yophonya giya. Woyendetsa analankhula modekha: injini imodzi yazima. Inzake ikugwira ndithu, koma pamwamba pa madzi iye sangayendere mwayi, akhotera ku bwalo lapafupi, pachilumba china. Anatera bwinobwino, ndipo Millicent, ndi maso otupa omwewo, anawomba nawo m'manja.

Koma kunyumba kwawo ku Nancholi, kumene anthu anali atatopa kugona pasiwa, nkhani inafika itasanduka ina. Maliro akana! Paja galimoto ikafera panjira itanyamula mtembo, amati malemu ali ndi chifukwa ndi wina. Ndiye kuli bwanji ndege yathunthu? Patsogolo pa zonsezi panali a Gracian, akulu ake a Vitalis, amene matenda onse aja sanabwereko ngakhale ndi nthochi imodzi. Millicent atangofika ndi bokosi lija, iwo anamupanikiza ndi mafunso.

"Mlamu, mng'ono wangayu munamulakwira chiyani kunjako?"

"Alamu, inawonongeka ndi injini. M'ndegemo tinalimo anthu ambirimbiri."

"Nanga mitembo inalimo ingati?"

Zonyansa zedi! Mkazi woti anasambitsa mwamuna wake, kumupukuta masanzi m'dziko la eni, lero akhale wopalamula chifukwa cha chitsulo? A Gracian analamula kuti bokosi silikwera lole yopita kumudzi kwawo ku Nsanje mpaka Millicent agwade, apepese malemu anthu onse akumva. Akakana, kumanda asakapondeko, ndipo ana apita ndi azakhali awo.

Millicent anayang'ana Tamara ndi Noel, ana ake. Kenako anagwada pafumbi n'kugwira bokosi.

"Bambo a Tamara, pepani. Tiyeni kwanu."

Mumtima ankapemphera kuti loleyo ikane kulira, anthuwa aone kuti chitsulo chimangofa pachokha. Dalaivala anapotokola kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi, ndipo azimayi onse pasiwa paja anatembenuka kumuyang'ana, akupukusa mitu.