Lusiya sanatuluke kukalonjera amalume ake

Lachitatu achimwene anga, a Bento, anabwera pa njinga kuchokera ku Nsadzo kudzationa kuno ku Mualadzi. Ndinawalandira njinga, ndinawapatsa mpando pamthunzi wa mango. Ana onse anabwera kudzagwada, kupatula Lusiya, mwana wanga woyamba.

"Kodi wamkulu uja wachoka?" anafunsa.

"Ali m'nyumbamu, achimwene. Ali m'kalasi."

Anayang'ana nyumba yathu, kenako anayang'ana ine.

Lusiya amaphunzitsa ana pa sukulu ya pano, ndipo akuphunzira za uphunzitsi ku univesidade kudzera pa foni. Mapulofesolo ake sanawaonepo maso ndi maso. Tsiku limenelo anali kufotokoza ntchito yake anzake onse akumvetsera, ndipo akanaphonya akanabwereza phunzirolo chaka chamawa.

Ndinalowa kukamunong'oneza. Anatseka mawu a foni, nayankhula ali pakhomo.

"Malume, takulandirani. Mundikhululukire, ndibwera kudzakulonjerani ndikamaliza."

Anabwerera mkati osadikira yankho.

A Bento ndi eni mbumba yathu. Ndiwo anatiwolotsa kupita ku Zambia nthawi ya nkhondo, ndiwonso anatibweza mtendere utabwera. Nkhope yawo inagwa.

"Mlongo, ndapalasa mtunda wonsewu kuti ndipambanidwe ndi foni?"

Manyazi anandigwira, sindinama. Koma sindinakamutulutse. Ndinawatungira madzi akumwa, mawu a Lusiya akumveka pazenera.

Pakati pa kufotokoza, redi, netiweki ya foni, inathawa monga imachitira kuno. Itabwerera, pulofesolo anali atapita kale kwa wophunzira wina. Tinamva Lusiya akunena m'Chipwitikizi, modekha, kuti iye sanamalize, ndipo akupempha apitirize pamene anadukira. Anamulola. Pambuyo pake Lusiya anafunsa funso, sanamvetse yankho, nafunsanso.

Inu a msinkhu wanga, ndani wa ife akanatero? Ife tinaphunzira pang'ono pokha kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo mphunzitsi akakudumpha unkangoweramitsa mutu.

Anthu amaganiza kuti sukulu ya pa foni imafuna foni yabwino ndi ma mega a intaneti basi. Ine ndaona zina. Imafuna munthu wodziikira yekha nthawi, chifukwa palibe belu lomuitana. Imafuna pakamwa, chifukwa wamanyazi saoneka. Pulofesolo sangadziwe kuti kuli wina kuno ku Chifunde amene watayika. Lusiya amakopera maphunziro ake redi ikakhala bwino, kuti mitambo ikabwera asakhale manja lende.

Chovuta kuposa zonse ndife apakhomo. Mwana akakhala pansi ndi foni timati akusewera. Timamutuma kuchigayo, timamupatsa khanda, timamuitana kuti aone mbuzi. Akalephera timati sukulu zimenezi n'zabodza.

Atamaliza, Lusiya anatuluka nagwada bwinobwino pamaso pa amalume ake. Iwo anamusiya ali chogwada kwa kanthawi.

"Mkulu uja unamudula mawu, sanakwiye?"

"Ayi, malume. Anati ndakhoza."

"Hmm. Ndiye tsiku lina uzindiuza masiku a kalasi, ndisamadzapalase pachabe."

Sanaseke, koma pochoka anaima kwa aneba athu, ndipo ndinawamva akunena kuti mwana wa mlongo wawo amatsutsana ndi mapulofesolo a kumzinda ali m'nyumba ya mayi ake.

Ine ndimanyadira mwana wanga. Nanga wanu, mumamusiyira nthawi yake yophunzira, kapena mumadikira akhale pansi kuti mumutume?